Zala za Anandere

Kuntchito ankawatchula kuti Anandere, chifukwa ankaweta tizilombo tobiriwira m'mabotolo, tija tosaoneka ndi maso timene timadzipangira chakudya ndi kuwala ngati mbewu. Chipinda chawo chinalibe zenera. Munali mashelefu, magetsi osazima, ndi madzi obiriwira ngati ndere ya m'ngalande.

Akatswiri a sayansi a pamalopo ankafuna khungu lakunja la tizilomboto, kuti aone shuga ndi mafuta olukana mmenemo. Wosenda khungulo anali mayiwa. Ankathira tizilomboto m'mankhwala otentha otchedwa fino, kuvundula, kutsuka, mpaka patsale kaufa koyera kosadzaza ndi kasupuni komwe.

Fino ndi mankhwala achipongwe. Akakudonthera sapweteka, amayamba apha khungu kaye. Golovesi ikabooka pang'ono, munthu umangoona chala chayera mbee. Popita zaka, manja a Anandere anangotsala zipsera zokhazokha, osamva kutentha kapena kuzizira. Iwo ankangochita nazo nthabwala, n'kumanyamula ketulo yowira popanda kansalu, anzawo akuseka.

Chimwemwe chawo chonse chinali mdzukulu wakhanda, amene mwana wawo wamkazi ankawasiyira Loweruka lililonse popita kuntchito. Sabata yonse ankangodikira tsiku limenelo.

Loweruka lina khandalo linalira mosatonthozeka. Analigwira pachipumi, pakhosi, pamimba, koma sanamve kanthu. Chizolowezi n'choipa: zoti agunditse tsaya lawo pamutu pa mwanayo sizinawabwerere n'komwe. Anati ndi mano akufuna kutuluka, nalifunditsa bulangete lina. Litasiya kulira, anasangalala kuti lagona.

Mayi wa mwanayo atafika, anangomunyamula n'kukuwa.

"Amayi! Mwana akutentha ngati mbaula chonchi, inu muli phee?"

"Ndakhala ndikumugwiratu, mwanawe."

"Ndi manja ake ati?"

Manyazi ndi mantha zinawagwira Anandere nthawi imodzi.

Mwanayo anagonekedwa m'chipatala, ndipo anatsala pang'ono kupita, koma anachira. Palibe anawakalipiranso mayiwa. Kungoti Loweruka khandalo limasiyidwa kwa mayi wina woyandikana nyumba, wosakhala m'bale n'komwe.

Lamlungu amapita kukamuona, atagula kachidole panjira. Mdzukulu akawaona amaseka n'kutukula timanja, iwo n'kutambasula awo. Mwana wawo amalankhula mwaulemu ndithu, osakweza mawu.

"Ingomuonani ali pomwepo, amayi."