Dzanja la Tiwonge

Fungo la usipa mumsika lero landikumbutsa Tiwonge, yemwe ndinkaphunzira naye pasukulu ya mishoni. M'mawa uliwonse ankathandiza amayi ake kuyanika nsomba ku Chikale, ndiye tinkamuthawa, ati akununkha.

Asisitere atamva anakalipa: "Pa Misa ya Lachisanu nonse mukampatse moni wa mtendere!"

Tinampatsadi, kenako aliyense n'kupukuta dzanja payunifolomu, iye akuona. Pokalapa sindinatchule zimenezi, poti ndinkayesa tchimo ndi kumenya kokha. Chaka chisanathe, Tiwonge anasiya sukulu.

Wogulitsa usipawo anali iyeyo. Atandizindikira, anayamba wapukuta dzanja pachitenje asanandipatse moni.

"Pepani asisi, manjawa ndi a nsomba."

Kupepesa kumeneko tinamuphunzitsa ndife, m'tchalitchi.