Achemwali, Anamgumi ndi Makina a Miyala

Achemwali anga anachita khungu ana awo atakula kale, koma dimba lawo sanalisiye. Lili kumunsi kwa mudzi wathu kuno ku Kaphuka, ndipo kabichi ndi nsawawa zawo amapalira ndi zala, udzu osatsala. Popita savutika, mapazi ndi ndodo zimaidziwa njira. Vuto lili pobwerera. Pakati pa chitunda njira imagawikana, ina imakwera kwathu, ina imakhotera kuchigwembe chimene madzi anakumba. Koma yesani kuwagwira dzanja, muyambana nawo. "Sindine mbuzi yoti uzikoka pachingwe," amatero.

Ndiye tinapangana. Dzuwa likafika pamutu, ine ndinkakwera pachulu kuseri kwa nyumba n'kukuwa kuti, "Achemwali uuu!" Iwo n'kuyankha, "Eee!" Ndikuwenso, ayankhenso, uku akutsata mawu anga mpaka kutulukira pabwalo. Tinachita zimenezi zaka zambiri, moti anthu ankadziwira pa ife kuti nthawi yoweruka kumunda yakwana.

Kenaka kunabwera anthu a miyala. Anatsegula kwale, malo okumba miyala, paphiri la kutsidya n'kuikapo chimakina chophwanya miyala. Mayo ine, chimakina chimenecho! Kuyambira m'mawa mpaka madzulo chili gugudugugudu, antchito n'kumadya mosinthana kuti chisaime. Ndinayamba kukuwa mpaka mawu kusasa. Achemwali ankati amandimva pang'ono, koma ngati ndili mbali zonse.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye kunachita nkhungu yoti sindinkaona ngakhale mtengo wa pichesi uli pafupi. Ndinakuwa, yankho osalimva. Ndinatsetsereka chothamanga, ndipo ndinakawapeza m'chigwembe atakhala pansi, bondo likuchucha magazi, kabichi ali mbwee.

"Ndimakuyankhatu," anatero. "Ndimayesa uli kuno."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupita kudimba. Ankangokhala pakhonde atafunda nsalu, munthu wolongolola uja ali duu. Ndinati ndiziwaperekeza, anakana. Mtima unkandiwawa, ndipo ndinakwiya koopsa, koma mkwiyo wanga ndinalibe koupititsa.

Nthawi yomweyo mlongo wathu wamng'ono anabwera kudzacheza kuchokera ku Mozambiki, kumene ankagwira ntchito yophika m'sitima ya panyanja yamchere. Atamva chimakina chija, anati chikumukumbutsa kuntchito. Sitima yawo inkafufuza gasi pansi pa nyanja. Inkakoka zitsulo zowomba mpweya m'madzi, phuu, phuu, tsiku lonse, ndipo phokoso likagunda pansi n'kubwerera, akatswiri ankadziwa zimene zili m'nthaka.

"Koma ovutika ndi anamgumi," anatero.

Ine namgumi ndinkangomumva kutchalitchi. Mlongo wanga anati ndi chinyama chachikulu kuposa basi, chimayamwitsa mwana, ndipo m'madzi akuyawo maso sathandiza kwenikweni. Amapezana poitanizana, wina ali kutali zedi. Zitsulo zija zikayamba, amayesa kukweza mawu, kenaka amangokhala chete, ena n'kuchokeratu pamalopo. Anati m'sitimamo munali munthu amene ntchito yake inali kungoyang'ana pamadzi. Akaona namgumi pafupi, ankalamula kuti zitsulo zonse zikhale chete mpaka adutse.

Ndinaika pansi lichero la chimanga. "Ukuti chiyani? Amazimitsa makina chifukwa cha nyama?"

"Amazimitsa ndithu, achemwali."

Basi, m'mawa mwake ndinamanga nsalu m'chiuno, ulendo wa kukwale. Akapitawo anali bambo aulemu ndithu, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ndinawauza kuti sindikufuna kuti asamuke, ndikungofuna kanthawi kochepa masana kuti munthu wosaona afike pakhomo.

"Pepani mayi," anatero, "makina sangaime chifukwa cha munthu mmodzi."

"Kunyanja amaima chifukwa cha namgumi mmodzi. Achemwali anga ndi ochepa kuposa nyama?"

Anaseka, antchito nawonso anaseka. Ine sindinaseke. Tsiku lotsatira ndinabweranso, n'kukhala pamwala pafupi ndi geti. Njira sindinatseke, munthu sindinatukwane, ngakhale lilime linkandiyabwa. Akapitawo akamadutsa ndinkangoti, "Mwaswera bwanji abambo? Ndabwera nkhani ija." Antchito anayamba kunditcha mayi a namgumi. Ndinati tchulani, bola mukundiona. Amayi anzanga a kumphakati atamva, anayamba kubwera nane, ena ndi zoluka zawo, ena ndi makolona. Chimanga changa chinachedwa kulowa m'nkhokwe chaka chimenecho, ndipo sindinadandaule.

Patapita masabata angapo akapitawo anandiitana. Anati alankhula ndi mabwana awo, ndipo antchito nawonso atopa n'kudya fumbi likugwera m'mbale. Kuyambira Lolemba, onse azidya pamodzi masana, atazimitsa makina.

Ndinabwerera kunyumba ndikuvina m'njira. Koma achemwali atamva anangoti, "Wachita bwino. Ine kudimba ndinathana nako."

Aa! Ndinatsala pang'ono kulira ndi ukali. Ndinakumbuka mawu ena amene mlongo wanga ananena tsiku lija, akuti phokoso likatha, anamgumi sayambiranso kuitana nthawi yomweyo. Ndinati chabwino, tiona amene atope.

Lolemba makina atazima, ndinakwera pachulu n'kukuwa kuloza kudimba kopanda munthu, "Achemwali uuu!" Eni ake ali pakhonde kumbuyo kwangaku.

"Ukuitana ndani, wamisala iwe? Ndili pano!"

"Ndikuitana achemwali anga a kudimba. Inu apakhonde sindikukudziwani."

Ndinachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Anthu ankaseka, achemwali ankanditukwana kuti ndikuwachititsa manyazi, ndipo ine ndinkakondwa, chifukwa kutukwanako kunali kulankhula.

Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ndinapeza pakhonde palibe munthu, ndodo palibenso. Miyendo inafuna kuthamangira kumunsi, koma ndinaigwira. Ndinadikira pachulu mpaka chimakina chinazima. Kunangoti zii, moti ndinamva mbuzi ikulira kutsidya.

"Achemwali uuu!"

Palibe. Ndinakuwanso ndi mphamvu zanga zonse.

"Eee!"

Ndinapitiriza kuitana misozi ikutsika, iwo akuyankha, mawu akuyandikira. Pamphambano paja anaima pang'ono. Ndinakuwanso, ndodo n'kukhotera kwathu. Anatulukira pabwalo thukuta lili kamukamu, manja ali matope okhaokha, n'kundiponyera mtolo wa udzu pamapazi.

"Iwe, nsawawa zanga wazisiya zife chonchi? Mawa undiitane mochedwerapo, ntchito yachuluka."