Edilson ndi Bondo la Amalume Ake

Pamsika wa Ulongwe, pamene ndimagulitsa nyemba, anthu amakonda kundifunsa kuti mayi Sesilia, mwana wanu uja mtima wotero anautenga kuti? Ine ndimangoti kamufunseni mwiniwake. Koma kunena zoona nkhaniyi ndimaidziwa kuposa iye, chifukwa mwanayo ndinabala ndine, ndipo munthu amene anamuchititsa manyazi pamaso pa anthu ndi mlongo wanga wa bere limodzi.

Edilson anabadwira ku Lifidzi mu 2001. Kanali kamwana kowonda, kosalankhulalankhula, koma ka maso akuthwa. Bambo ake anamwalira iye asanayambe sikola, ndiye amene anamulera ndi mlongo wanga Tarsisio, chitsiriza cha amayi. Tarsisio anabadwira kothawa nkhondo, tsidya la Dedza, ndipo pobwerera kwathu mu 1993 ndinamubereka ndine kumsana. Amasiyana ndi Edilson zaka khumi zokha. Koma kwathu kuno malume sitimuwerengera zaka. Alongo athu aakulu awiri atamwalira, mbumba yonse inatsala m'manja mwa Tarsisio. Maliro akagwa, mawu oyamba ndi ake. Mwana akafuna banja, nkhoswe ndi iye.

Mpira wa basiketi anabwera nawo pakhomo ndi Tarsisio yemweyo, atauphunzira ku misiyoni ya Fonte Boa. Anatenga gudumu lakale la njinga, nachotsa mawaya onse, nalikhomera pa mtengo wa bulugama kuseri kwa nkhokwe. Ankanyamula Edilson paphewa kuti afikire. Ine ndinkakalipa mpaka mawu kusasa, chifukwa mpirawo unkagwera m'nyemba zanga zoyanika, koma ndani ankandimva?

Vuto linali lakuti Edilson sanatalike. Anatengera bambo ake. Tarsisio atapita naye ku Fonte Boa, anzake ankangomudutsitsira mpira pamwamba pa mutu. Wina akanausiya, iye ayi. Anayamba kukhala pambali ndi kadernu, kabuku kake kolembamo, n'kumalemba kuti uyu amatopa nthawi yanji, uyo amathawa dzanja liti. Pambuyo pake anakaphunzira za masewera ku Tete, ndipo mu 2023 anabwerera ali pulofesolo, ndiye kuti mphunzitsi, pa sikola ya uphunzitsi ya ku Ulongwe ija timangoti Insitituto.

Pa Insitituto pomwepo anakapeza amalume ake ali pa karteira, desiki ya m'kalasi, ngati mwana wa sikola. Tarsisio anali atatopa ndi kulima kachewere, ndiye anabwerera kukaphunzira uphunzitsi ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndi munthu wamtali, wamapewa, ndipo sanachedwe kukhala kapitawo wa ekipa, kapena kuti timu, ya basiketi ya pamenepo. Anyamata onse ankamutcha kuti madala.

Tereinadori wa ekipayo, ndiye kuti wophunzitsa ndi kutsogolera osewera, anali a Policarpo, amene anagwira ntchitoyo zaka zoposa makumi awiri. Kumayambiriro kwa chaka chatha anagwa ali kumunda, nafa ziwalo mbali imodzi. Adiretora, mkulu wa Insitituto, mayi Rita, atapita kukawazonda, a Policarpo anavutika kutulutsa mawu koma dzina linamveka: Edilson. Mapulofesolo ena anang'ung'udza. Mwana wa dzulodzuloli, zaka makumi awiri ndi zitatu, ndevu zisanagwirane n'komwe, atsogolere anthu oti ena ali ndi akazi ndi ana? Mayi Rita anati amupatsa masewera awiri, kenako aona.

Ine za basiketi sindidziwa zambiri, koma ichi Edilson anandiphunzitsa. Mbali iliyonse kumakhala anthu asanu, ndipo mpirawo ndi wothamanga kwambiri moti palibe amene angathe kusewera bwino osapuma. Ntchito yaikulu ya tereinadori ndi kuona amene watopa, kumutulutsa, n'kulowetsa wina.

Masewera oyamba anali ndi ekipa yochokera ku Tete. Ndinatseka nyemba zanga m'thumba n'kupita ku kampu, bwalo losewerera. Ndinaona mwana wanga akusintha anyamata bwinobwino, uyu tuluka, uyu lowa, mawu ali gwa. Koma akaitana osewera kuti awalangize, iye ankaima kumbuyo pang'ono, manja atagwirana, kudikira kuti amalume ayambe kulankhula. Mtima wanga unati eya, ndinalera. Sindinadziwe kuti chimene ndinkanyadiracho ndicho chinkaipha ekipa.

Chakumapeto Tarsisio anayamba kukoka mwendo. Bondo lake lakumanja linavulala kalekale atagwa ndi njinga yodzaza matumba, ndipo aliyense ankaona kuti latupa. Anyamata a ku Tete anazindikira, nayamba kudzera mbali yake ngati pa mpanda wogumuka. Edilson ankayang'ana amalume, n'kuyang'ana pansi. Anasintha anthu onse anayi, ena kawiri, koma Tarsisio sanamukhudze. Anathu anagonja ndi mapontu khumi ndi anayi.

Lamlungu lake Edilson anabwera ku Lifidzi. Ndinamupeza atakhala pansi pa bulugama uja, kadernu ili pamwendo.

"Amayi, ndinaona zonse. Ndinalemba kale kuti amalume sangapitirire mphindi zisanu ndi ziwiri osapuma. Koma pakamwa panakana."

"Ndiye ufuna ine nditani?"

"Mukawalankhule. Muwauze kuti akatopa azipempha okha kutuluka."

Ndinavomera, chifukwa ndimo timachitira. Mwana salunjika malume ake ndi mawu olemera, amadzera kwa amake. Ndinapeza Tarsisio pakhonde akuthowa bondo ndi madzi otentha. Ndinazungulira nkhaniyo ngati mmene timazungulirira, kuyambira mvula, kufika pa mitengo ya feteleza, mpaka ndinafika. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Achemwali, wakutumani ndi mphwanga kapena tereinadori?"

"Si munthu mmodzi yemweyo?"

"Ngati ndi mphwanga, alibe mawu pa bondo langa. Ngati ndi tereinadori, za pa kampu sizidzera kwa amake a munthu."

Anafinya nsalu, osandiyang'ananso. Ndinabwerera ndili ndi mantha, ndipo mantha angawo anali ndi chifukwa. Mwezi wotsatira kunali chinkhoswe cha Edilson ndi Nádia, mtsikana wa ku Fonte Boa. Wonyamula tambala wa kuchimuna, wolankhula m'malo mwathu, anali Tarsisio. Popanda iye akuchikazi akanatifunsa kuti mwanayu ngwa yani, ndipo tikanasowa choyankha.

Ndiye ndinamuuza mwana wanga mawu amene lero ndimachita nawo manyazi. Ndinati isiye ntchito imeneyo. Ekipa udzapeza ina ukakula, koma malume sagulitsa pamsika. Ngati sungaisiye, luza masewerawo mwaulemu, amalume ako usawakhudze. Edilson anangotseka kadernu n'kukwera njinga.

Masewera achiwiri anali Loweruka masana, pa kampu ya simenti ya pa Insitituto, ndi ekipa ina ya uphunzitsi. Kunali anthu osati masewera. A Policarpo anawabweretsa pa mpando, atafunda bulangete. Mayi Rita anakhala pafupi nawo. Nádia anakhala ndi ine, ndipo ankandifinya dzanja mpaka kupweteka.

Tsiku limenelo Edilson sanaime kumbuyo. Akaitana anyamata ankalowa pakati n'kuyamba kulankhula yekha, ndipo ndinaona Tarsisio akumuyang'ana cham'mbali. Anathu ankatsogola pang'ono. Koma zitatsala mphindi zisanu bondo lija linayambanso. Tarsisio anadumpha, natera moipa, nadzuka akuluma mlomo. Alendowo anadzera mbali yake kamodzi, kawiri, katatu. Anatipitirira.

Ndinaona mwana wanga akupita pa tebulo la olemba mapontu. Anakodola Délcio, mnyamata wa chaka choyamba amene anali pa banku, benchi ya osewera odikira, kuti avule juzi. Woyimbira analiza apitu. Edilson anakweza zala zosonyeza nambala seveni, nambala ya Tarsisio.

Tarsisio anaika manja m'chuuno n'kuyang'ana kumapiri, ngati sanaone.

Pamenepo panalibe wosadziwa kuti awiriwa ndi ndani. Ndinkapemphera kuti mwanayo atsitse dzanja, ayerekeze kuti walakwitsa nambala. Koma anayenda mpaka pa mzere, sanawerame, sanagwire manja kumbuyo, nalankhula mawu oti tonse tinamva.

"Amalume, tulukani. Bondo latha."

Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Kalanga ine, mwana uyu!" Tarsisio anayang'ana Edilson nthawi yaitali. Kenako anayenda motsimphina, nadutsa Edilson, nadutsa banku osakhalapo, natuluka pa geti ndi kamizola yake ya seveni, malaya osewerera aja, ili m'thupi. Palibe amene anamutsatira.

Délcio anathamanga ngati walumidwa ndi mavu, ndipo mpata uja unatsekeka. Anathu anabweza, anabweza, koma nthawi inawathera. Anagonja ndi mapontu awiri. Edilson anagwira chanza anyamata onse mmodzimmodzi, nkhope ili phulusa. Lolemba lake mayi Rita anamuitana ku ofesi n'kumuuza kuti ekipa ndi yake. Akuti a Policarpo anawagwira dzanja pa mphindi imene Tarsisio ankatuluka ija, n'kugwedeza mutu. Edilson atandiuza zimenezi sanamwetulire, ndipo inenso sindinamuyamikire. Ndinati wapeza ekipa, nanga tambala anyamula ndani?

Masabata atatu Tarsisio sanaponde pakhomo panga. Ku Insitituto ankalowa m'kalasi n'kutuluka, ku kampu osapitako. Edilson anapita kwa amalume akewo kawiri, ulendo woyamba anauzidwa kuti ali kudimba, wachiwiri anapeza chitseko chotseka koma njinga ili pakhonde. Ine ndinkadzuka m'mawa mtima uli m'mwamba. Amati chibale n'fupa, sichiola, koma fupa limathyoka, ndinaonapo.

Tsiku la chinkhoswe tinafika ku Fonte Boa dzuwa litakwera. Tambala ndinamumanga miyendo ndekha n'kumuika mu dengu. Akuchikazi anatiyalira mphasa. Nkhoswe yawo, a Bonifácio, munthu wachikulire wa imvi, ankangoyang'ana kumsewu, ifenso chimodzimodzi. Edilson anakhala ataweramitsa mutu mu jekete yobwereka. Ndinali nditayamba kukonza bodza loti mlongo wanga wadwala, pamene ndinaona munthu wamtali akubwera chapansi, akukankha njinga. Bondo silinkamulola kupalasa. Anali atayenda choncho kuchokera ku Lifidzi.

Sanatipatse moni ife. Anapereka ulemu kwa eni mudzi, natenga tambala mu dengu, nakhala pa malo ake. Mwambo unayenda. Koma a Bonifácio, amene nkhani ya pa kampu anali ataimva ngati wina aliyense, anafunsa funso loti silinali pa ndondomeko.

"A Tarsisio, tisabisane. Mnyamatayu ndi wamng'ono, ndipo tamva kuti ulemu unamuthawa pamaso pa anthu. Mwana wathu tikumupereka kwa munthu wokhwima kodi?"

Ine ndinatseka maso.

"Mwamva zoona," anatero Tarsisio. "Ananditulutsa Ulongwe yense akuona. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zikundiwawa, sindinama. Koma ndikuuzeni chimene simunamve. Bondo ili linatha chaka chatha. Masewera oyamba aja ndinkalira mumtima kuti wina anditulutse. Ndekha sindikanatuluka, ndine kapitawo, ndine malume, anthu akanati chiyani? Onse ankaona kuti ndikuvutika. Mlongo wanga ankaona, anyamata ankaona, ndipo onse anandipatsa ulemu n'kundisiya ndikuvutika. Amene anandichitira chifundo ndi uyu yekha."

Anasisita tambala pamsana.

"Mwana wanu akadzatopa m'banjamo, uyu adzaona, ndipo sadzayang'ana pansi. Mupatseni."

Azimayi a kuchikazi analuluta. Ine sindinathe. Mawu oti mlongo wanga ankaona anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinamubereka kumsana kuchokera ku Dedza, koma tsiku limene ankafuna kutulidwa ndinauza mwana wanga kuti amusiye choncho.

Titamaliza kudya, Tarsisio anapita pa njinga yake n'kumasula kapulasitiki pa kaliyala. Munali kamizola ya seveni ija, yochapidwa, yopindidwa bwino. Anaipereka kwa Edilson ndi manja awiri.

"Upatse Délcio. Ine ndasewera zokwana."

Edilson anailandira. Anagwada pansi pamenepo, pafumbi, ndi jekete ya eni ake, n'kuika mutu pa bondo lotupa lija. Tarsisio anamusiya alire pang'ono, kenako anamugwira phewa.

"Dzuka, iwe. Ukundipweteka."