Mphukira za m'Phiri la a Funaki

Chipale, madzi oundana ogwa ngati ufa m'nyengo yozizira, chikauma pamwamba mpaka munthu kuyendapo osatitimira, kwathu kuno timadziwa kuti nthawi yodula mitengo yakwana. Madzi a mumtengo amakhala atagona, ndipo chipika chimatsetsereka chokha potsika phiri. Ukazengereza, dzuwa la Malichi limafewetsa njira.

M'mawa wotero a Funaki Tomeji anakwera phiri lawo atasenza sowo ya injini. Anali nkhalamba ya bondo limodzi losapindika. Pambuyo pawo pankabwera a Oikawa, mnzawo wocheka matabwa kumunsi kwa mudzi, akupuma wefuwefu.

Chizuru, mwana wamkazi wa a Funaki, ankamanga nyumba kumzinda wa Asahikawa. Bambo ake anamuuza kalekale, asanakwatiwe n'komwe, kuti matabwa oyala pansi asadzagule, adzachokera ku mitengo yawo ya kaba, ya khungwa loyera ija. Amisiri anati matabwawo akachekedwa mwezi uno, adzakhala atauma pofika nthawi yoyala.

Mitengo ya m'mapiri athu inadulidwa yonse chaka chimene Chizuru anabadwa. Eni mapiri ena anaitanitsa katapila kuti ipale nsungwi zazifupi zimene zimaphimba nthaka, njere za kaba zouluka ndi mphepo zipeze pogwera. A Funaki anakana. Zitsa zawo zinali zitaphukira kale.

"Ndipalirenji nthaka, mizu ilipo kale?" ankatero.

Pachitsa chilichonse anasiyapo mphukira imodzi yowongoka, zina zonse anasadza. Dzinja lachitatu lisanathe, mphukirazo zinapitirira msinkhu wa munthu, pamene mbande za anzawo zinali zidakali m'mawondo, zothinana, zoonda. Akakumana panjira ndi a Oikawa, amene anapalitsa phiri lawo, ankawafunsa ngati anadzala mitengo kapena tsache.

Moyo wawo unatsata mitengoyo. Chipale chikasungunuka ankadzutsa yopindika. Kukatentha ankatchetcha nsungwi, udzudzu uli m'makutu. Masamba akachita chikasu ankamanga m'munsi mwa mitengo kuti mbewa zisakukute khungwa. Mkazi wawo atamwalira, anakhala pakhomo sabata ya maliro yokha, kenako tinawaonanso akukwera.

Tsikulo atafika pamtengo waukulu koposa, a Oikawa anaugogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, natchera khutu. Anagogodanso.

"Bwanji achimwene, makutu afa?" anatero a Funaki. "Kapena ndi nsanje?"

"Dulani tione, madala."

Sowo inalira, utuchi woyera n'kuwaza pachipale. Pakati pa ntchito utuchiwo unasintha, unayamba kutuluka wofiirira, wonyowa. Mtengo unagwa, chipale n'kufuka ngati ufa.

Awiriwo anawerama pachitsa. M'mphepete munali moyera, molimba, mulifupi ngati chikhatho. M'kati monse munali mwakuda. A Funaki anakanikizapo chala, chala chinalowa.

"Ndi m'munsi mokha umu," anatero. "Pamwamba pali bwino."

Anadula chipikacho chapamwamba. Kuwola kunalipo. Anasunthira kutsogolo, nadulanso. Kunalipobe, kukucheperachepera, mpaka pamene panayambira nthambi.

Anagwetsa wina kumtunda, wina kutsidya kwa kamtsinje kumene dzuwa limafika msanga. Yonse inali chimodzimodzi. A Oikawa anakhala pachipika, navula chipewa.

"Chitsa chakale chija chinkawola pansipa," anatero, "ndiye chinkapatsira mwana wake, mtengowu, kuwolako pang'onopang'ono."

"Mukadandiuza."

"Ndikadadziwira kuti? Zaka zonsezi ine ndimakusilirani. Mayi a kunyumba ankandinyoza, ati taonani anzanu a Funaki, inu mwangotaya nthawi ndi katapila."

"Nanga tsache lanu lija?"

"Ndinadulako umodzi chaka chatha. Woyera mpaka pakati, wolimba ngati fupa. Koma kukula kwake ngati ntchafu yangayi. Thabwa silingatulukemo. Ikufunika zaka zina makumi awiri."

"Makumi awiri! Inu ndi ine tidzakhala titasanduka utsi."

Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka kwake kosapita patali. Mphepo inadutsa m'nthambi. Mitengo yotsala inali njo mpaka pamwamba pa phiri, yoyera, yowongoka, yosaonetsa kanthu kunja.

"Chizuru mukamuuza chiyani?" anafunsa a Oikawa.

"Dzulo amandifunsa pafoni, ati Bambo, bondo likulolani kukwera? Ndinati iwe konza misomali basi."

"Ndikhoza kukupezerani matabwa kwina."

"Apezeni. Koma ndikamuuza ndekha kuti si athu."

A Oikawa anatsika dzuwa lili pamutu, chifukwa kuzizira kunawalowa m'chifuwa. A Funaki anatsala. Anayang'ana chipika chachikulu chija kwa nthawi, kenako analiza sowo. Anachidula tizidutswa tokwana m'mbaula. Anatenga nkhwangwa nawaza kachidutswa kalikonse, chakuda n'kuchiponya kumbali, choyera n'kuchisunga. Anayala mitengo iwiri pachipale, nasanja nkhunizo pamwamba pake, khungwa kuyang'ana kumwamba kuti madzi asalowe. Pomaliza anafunditsa nthambi, napsinja ndi chipika.