Mulungu wa Mphenzi ndi Chitenje cha Amayi

Sitiroko ya bambo anga inandilanda sukulu. Ndinali pa yunivesite ya kuno ku Bowie, kutsidya kwa nyanja, ndikuphunzira za makompyuta, ndipo ndinkakhoza. Bambo anagwa pamalo oimika magalimoto ku Foggy Bottom, komwe ankayendetsa mabwana a m'maofesi. Anatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, Chingerezi chitawathawa, Chichewa chikutuluka mwa apo ndi apo. Pankafunika munthu wokhala nawo pakhomo. Amayi ndiwo ankapeza ndalama ya lendi, mlongo wanga ali ku Lilongwe. Palibe amene anandifunsa maganizo. Anthu a kutchalitchi ankabwera, n'kunena kuti ndine mwana wodala, n'kubwerera kwawo.

Ndinkawadyetsa, kuwapatsa mankhwala, kuwaperekeza mpaka pachitseko cha chimbudzi. Koma kusamba ankakana. Ndikangotchula za bafa, ankagwira kolala ya malaya ndi dzanja lawo lamoyolo n'kunena mawu awiri: "Iwe ayi." Ankadikira amayi.

Amayi amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba ku Falls Church. Tsiku lonse amanyamula ndi kusambitsa makolo a eni. Akaweruka ankalimbana ndi mdipiti wa magalimoto mpaka ku Bowie, n'kufikira kubafa osavula ndi yunifolomu yomwe. Msana unayamba kuwavuta, moti ankamanga lamba mkati mwa zovala. Tsiku lina ali kukhitchini anandinong'oneza kuti anawodzera pamaloboti, anadzutsidwa ndi hutala ya galimoto yakumbuyo. Anandiletsa kuwauza bambo. Ndinadziwa kuti zikapitirira chonchi ndidzakhala ndi odwala awiri, kapena maliro. Ndinawakalipira bambo, ndinawanyengerera, ndinawawopseza kuti ndiitana nesi wachilendo. Iwo ankangogwira kolala.

Masana ankatalika. Ndi mmene ndinapezera sewero lina pa tivi. Nkhani yake inali ya mulungu wa mphenzi amene abale ake anamugwetsa kuchokera kumwamba, n'kufika pansi pano ali nkhalamba yopuwala. Woti amunyamule kubwerera naye kuphiri la milungu anali mwana wake wosula zitsulo, yemwe anabereka ndi mkazi wa padziko n'kumusiya ali khanda. Bambo, omwe ndi mkulu wa mpingo, anati izi ndi za mafano, ndizimitse. Sindinazimitse. Mawa lake nthawi yomweyo anayamba kuloza rimoti ndi chibwano.

Poti Chingerezi chinkawathamangira, ndinkawamasulira. Ndikadumpha mawu chifukwa cha ulesi, ankandigunda ndi chigongono.

Seweroli linali ndi zopusa zambiri. Chinjoka chamapiko cholondera mlatho chinkaoneka ngati nalimata wa pulasitiki. Milungu inkalankhula motalikitsa ngati alendo olemekezeka paukwati, mdani ali chiimire ndi mkondo kudikira kuti amalize. Chapakati anaikamo chibwenzi cha wosula zitsulo uja ndi mwana wamkazi wa mfumu ya akufa, chomwe chinadya magawo ambiri popanda chochitika. Bambo ankagona awiriwo akayamba kupsompsonana. Munthu akafa, ankauka patapita magawo awiri, mpaka imfa inasiya kutiopsa. Chomwe chinkandinyansa ine n'chakuti nkhalamba yopuwalayo sinkapempha kupita kuchimbudzi. Ulendo wonsewo palibe anachapa kabudula. Amene analemba zimenezi sanadwazikepo munthu. Mapeto ake seweroli eni tivi anangolisiyira panjira, mulunguyo asanafike n'kuphiri komwe.

Koma panali zina zimene anakhoza, ndipo sindingawamane. Mdala amene ankasewera mulungu uja ankadziwa ntchito yake. Ankatukula dzanja kuti aitane mphenzi monga kale, kumwamba kuli zii, n'kulibweza pang'onopang'ono ngati amangofuna kukanda m'mutu. Zikatero bambo ankayang'ana kuzenera. Mwana wa mulunguyo nayenso sanamupange kukhala woyera mtima. Ankamunyamula bamboyo akutukwana, nthawi zina n'kumutsitsa mwankhanza dala. Ameneyo ndinkamumvetsa. Nyimbo yoyambira inali ya ng'oma imodzi ndi mawu a mayi mmodzi, ndipo bambo ankaiyimba ndi mphuno pamene milomo inkakana kutchula dzina langa.

Seweroli ndilo linawatsegula pakamwa. Dokotala wophunzitsa kulankhula ankavutika nawo kuti atchule supuni, koma pa tivi ankadandaula okha. Maliro a mfumu opanda anthu ogona pasiwa. Mwana kulankhula ndi bambo ake manja ali m'chiuno. Mawu ankatuluka opindika, koma ankatuluka.

Kenako linafika gawo la kumtsinje. Nkhalamba ija inali itagwera m'matope, ndipo mwana wake anaivula zonse, n'kuikhazika pamwala, n'kuima kutsogolo kwake akuithira madzi. Anaika nyimbo yachisoni kuti tilire. Bambo anayamba kumenya mkono wa mpando.

"Zolakwika," anatero. "Imitsa."

Ndinaimitsa. Ndinaganiza kuti akwiya ndi umaliseche pa tivi, ndipo ndinali wokonzeka kuwauza kuti ngati sakufuna atseke maso. Koma iwo ankaloza mnyamatayo. Zinawatengera nthawi, malovu akutsika pakona ya mlomo, ine ndikulumikiza mawu awo ngati mikanda. Ankanena kuti munthu wamkulu sasambitsidwa choncho. Suima kutsogolo kwake. Sumuvula zonse. Umamufunditsa nsalu kuyambira m'chiuno, iwe n'kuima kumbuyo, n'kuyambira kumsana. Pamene dzanja lake lingafike, umamupatsa kansalu asambe yekha. Pamene silingafike, dzanja lako limadutsa kunsi kwa nsalu, maso ali kukhoma. Ndipo sukhala chete, umakamba nkhani zina, za chimanga, za mpira, kuti asamve manyazi. Anati ndi mmene iwo anasambitsira bambo awo ku Dedza m'miyezi yawo yomaliza. Ndinali ndisanamvepo zimenezi.

"Nanga ine mukundikaniranji, adadi?" ndinafunsa. Sindinafunse mwaulemu.

"Sudziwa," anatero. "Wakulira kuno."

"Ndiye mwandiuzatu."

Anayang'ana nkhalamba imene ndinaiimitsa pa tivi ija, madzi ataima m'malere pamwamba pa mutu wake. Ndinawauza za maloboti. Amayi anali atandiletsa, koma ndinawauza zonse, ndi za lamba zomwe. Dzanja la bambo linapita pakolala, n'kukhala pamenepo, kenako linayamba kulimbana ndi batani loyamba.

"Chitenje cha amako," anatero. "Chakale."

Bafa yathu ndi yopanikiza. Ndinawakhazika pampando wapulasitiki umene chipatala chinatipatsa, ndinawamanga chitenje, ndinaima kumbuyo. Msana wawo unali utachepa. Ndinkaukumbukira uli wotambalala, utadzaza mpando wa dalaivala, koma tsopano mafupa ankawerengeka. Paphewa panali chipsera chimene sindinkachidziwa. Ndinapaka sopo mofulumira kuti zithe, iwo n'kundiuza kuti sakutsukidwa ngati galimoto. Ndinachepetsa liwiro.

Za chimanga sindizidziwa, ndipo mpira wa kumudzi ndinausiya kalekale. Ndiye ndinakamba za sewero. Ndinati chinjoka chija ndikanachipanga bwino ine pa kompyuta yanga. Iwo anati mtsikana wa kwa akufa uja ndi wabodza, amuthawa mnyamatayo. Ndinati ayi, amamukonda. Tinakangana, dzanja langa lili kunsi kwa chitenje, maso anga ali pa matailosi. Nditafika kumapazi ndinagwada cham'mbali, ndipo ndinamva dzanja lawo lonyowa litatsamira pamutu panga. Mwina ankangodzichirikiza kuti asagwe. Silinachoke mpaka nditamaliza phazi lachiwiri.

Amayi anafika madzulo dzuwa lisanalowe. Anaika chikwama pansi n'kuyamba kupinda manja a yunifolomu monga mwa masiku onse. Kenako anawaona bambo pa sofa, atavala malaya oyera, atadzola mafuta, mutu ukunyezimira. Anasuzumira kubafa, komwe chitenje chinali chikudontha pa chitsulo cha katani. Anandiyang'ana ine. Ndinali pa foni, sindinadzutse mutu.

"Chitenje chanu chanyowa," anatero bambo, liwu lililonse palokha.

Amayi anati chiuma. Anakhala pafupi nawo, anamasula lamba wa msana uja n'kumuika pamwendo poyera, n'kufunsa kuti nkhalamba ya pa tiviyo ndi ndani. Bambo anayamba kuwafotokozera, akusokoneza mayina a milungu yonse. Asanafike pa chinjoka, amayi anali atagona, nsapato zili kuphazi. Bambo anapitiriza kufotokoza.