Kabuku kanabisa dzina, ine ndinaloza khomo

Lachiwiri lapitali ndinatcha munthu "aphunzitsi" kuchokera pa Bvumbwe mpaka kuno kwathu, chonsecho munthuyo sanali mphunzitsi.

Ndimachokera ku Limbe kokagula ulusi ndi mazipi, paja ine ntchito yanga ndi ya utelala. Minibasi inatifera pa Bvumbwe. Ndili chiimire pamsewu, inaima pikapu yoyera, woyendetsa n'kundikodola kuti ndikwere kutsogolo. Bambo wachinyamata, wa magalasi, Chichewa chake chakumpoto. Ataona kabuku kali pamiyendo panga anafunsa kuti ndikuwerenga chiyani.

Inu amene mumawerenga danga lino mukundidziwa. Munthu akandifunsa za buku ndimasungunuka ngati majarini padzuwa. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye aliyense wa magalasi wofunsa za mabuku, ine mumtima ndimangoti mphunzitsi basi.

Kabukuko ndi kamene ndimafuna kukuuzani sabata ino. Mutu wake ndi "Mawu a M'mizere", ndipo anakalemba ndi mayi wina amene anapuma pantchito ya unamwino. Anakasindikiza yekha pamalo ena a fotokope, n'kukamanga ndi timawaya tiwiri. Chikuto chake chimasiya utoto wobiriwira m'manja mukachita thukuta, ndipo tsamba lina analiika chadodolido. Koma zamkatimo si zoseketsa. Namwinoyu anakhala pansi ndi amayi otchola tiyi m'maesiteti athu ano, n'kulemba zimene anamuuza monga momwe anayankhulira, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, osachikonza. Mayina okha ndiwo anasintha.

Ndinawawerengera "aphunzitsi" aja malo amene anandigwira mtima. Amayi angapo akufotokoza kuti nthawi yolemba anthu ntchito ikafika iwo ali oyembekezera, amamanga mimba ndi nsalu zolimba, pamwamba n'kuvala pepala la pulasitiki lotcholera tiyi, kuti kapitawo asaone. Akaona, amangoti malo adzadza. Ndiye munthu amatchola chowerama tsiku lonse, dengu kumsana, mwana atapanikizika m'mimba.

Iwo anamvetsera, maso ali pamsewu. Kenako anati, "Koma zimenezi n'zoona, madala? Olemba mabukuwa nthawi zina amakokomeza."

Pamenepo ndiye anandiputa.

"Kukokomeza? Aphunzitsi, mmodzi mwa amayi amenewa ndi aneba anga enieni! Dzina anawasintha, koma kayankhulidweka ndi kawo. Lamba wansalu amene ankamangira mimbayo ndinasoka ndine, osadziwa kuti ndi wachiyani."

Ndinanena monyadira, ngati munthu amene wachibale wake waoneka pa kanema.

Njira yachidule yobwera kwathu imadutsa mkati mwa esiteti. Titafika pachipata, mlonda amene amatifunsa ife mafunso ngati tabera mbuzi anadzuka mothamanga, n'kuimika thupi njo, dzanja pachipumi. "Mwaswera bwanji, bwana manijala!"

Ndinapinda kabuku kaja n'kukalowetsa m'jumbo ya mazipi, ngati kuti kukabisa panthawi imeneyo kukanathandiza kanthu. Ndinati ndingotsikira pamphambano. Iwo anakana mwaulemu. "Ayi madala, muli ndi katundu. Ndikakusiyani pakhomo penipeni."

Anandisiyadi pakhomo. Asanabwerere anayang'ana nyumba za uku ndi uku, n'kufunsa kuti kabukuko kakupezeka kuti. Ndinati ku Limbe. Anathokoza, n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo ndikusoka mizere yokhota.

Mwina ndi munthu wabwino. Mwina akufuna akawerenge kuti akonze zinthu. Kapena mwina anangoiwala atafika kunyumba kwake. Ine sindikudziwa, aneba anganso sakudziwa. Aneba ndili nawo mbali zonse, ndipo sindinena kuti ndi ati. Chimene ndinganene n'chakuti ali ndi ana, alibe munda, pakuti tiyi anafika mpaka kuseri kwa bafa lawo, ndipo ntchito yawo ndi yanyengo. Mvula ikasiya amawaimitsa. Mitambo ikayamba kusonkhana paphiri monga ikuchitira panomu, amadikira kuti kapitawo awaitanenso. Akapanda kuitanidwa palibe amene amawauza chifukwa. Sanachotsedwe ntchito ayi, angosiyidwa. Mukadandaula kuti, ndipo mukanena kuti chiyani?

Apa ndiye pali nkhani yonse. Chakudya cha banja lathunthu chili m'manja mwa mtima wa munthu mmodzi, ndipo ife tonse tikungopemphera kuti mtimawo ukhale wabwino. Mayi amene watchola m'mizere yomweyo zaka ndi zaka amayambiranso chaka chilichonse ngati mlendo. Munthu wotero angatsegule pakamwa? Amamanga mimba, amamanganso lilime. Tikamva kuti pa esiteti palibe madandaulo, tisamathamangire kuomba m'manja. Tizifunsa kaye kuti wodandaulayo chaka chamawa amakaoneka kuti.

Kabuku ka namwinoka n'kofunika chifukwa chakuti kanamasula malilime amenewo. Nyumba zikuluzikulu zosindikiza mabuku sizikanakalandira. Zikanati Chichewa chake n'chosalongosoka, kapena kuti palibe angagule. Ndikuti mukakapeza, gulani, werengani, bwereketsani. Komabe ndili ndi mawu kwa wolembayo, ndipo ndikuwanena manyazi ali m'maso. Kusintha dzina kumathandiza mumzinda. Kuno, kumene timadziwana ndi chifuwa chomwe munthu akatsokomola kuseri kwa mpanda, dzina si kanthu. Munasiyamo kayankhulidwe, munasiyamo kwaya imene munthu amaimbako, munasiyamo mwezi umene anachira. Ngati telala anazindikira, kapitawo angalephere?

Koma ndisakankhire namwino katundu wanga. Iye anayesetsa kutseka chitseko. Anatsegula ndine, ndipo ndinatsegula chifukwa chofuna kuoneka wodziwa zinthu pamaso pa munthu wa magalasi.

Ifetu okonda kuyankhulira anthu osauka tilipo ambiri masiku ano. Tili m'manyuzipepala, pa wailesi, m'magulu a pafoni. Timakonda kwambiri nkhani yokhala ndi munthu weniweni, chifukwa ndi imene imatsekera otsutsa pakamwa. Timanyamula ululu wa mnzathu n'kukaugwetsa pa tebulo kuti tipambane mkangano. Tikapambana timapita kwathu. Nanga mwini ululuyo amapita kuti? Ine makina anga osokera ndi anga. Palibe manijala angandilande singano. Kulimba mtima kumene ndinaonetsa m'galimoto muja kunali kobwereka, ndipo mwini wake sanadziwe n'komwe kuti ndabwereka.

Lachinayi m'mawa ndinalephera kupirira. Ndinawapeza aneba aja akuchapa pamwala, mwana uja anabadwa pambuyo pa kumanga mimba kuja akuseweretsa thovu pambali pawo. Ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse, kuyambira pa Bvumbwe mpaka pakhomo.

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kufikisa malaya.

"Ndiye anaona nyumba?"

"Anaona zonse, mayi. Sindinaloze yanu."

"Simunaloze." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Telala wa m'mudzi muno ndi mmodzi. Oyembekezera chaka chija, oyandikana ndi telala, analipo angati?"

Ndinati mwina ndipite ku ofesi ndikanene kuti ndinanama, kuti ukalamba unandisokoneza mutu.

Apo ndiye anasiya kuchapa. Anapukuta manja pachitenje, n'kuimirira.

"Mukanene kuti ndinanama ine? Ayi, aneba. Zija n'zoona, ndipo ndinawauza anamwino ndikudziwa chimene ndikuchita. Akandisiya chaka chino, mudzandiona ndikudutsa pakhonde panupo ndi nkhuni zogulitsa pamutu, ndipo mudzadziwa chifukwa chake. Koma inu mumalemba m'nyuzi, eti? Kalembeni kuti zimachitika, muike dzina lanu, muti mwanena ndinu. Inu alibe pokuchotsani. Pakamwa panupo pazigwira ntchito ndi mimba yanu, osati ya ana anga."