Bambo awachotsa paipi lero

Mwaswera bwanji nonse.

Tangofika kumene kuno ku Chilomoni kuchokera kuchipatala. Bambo awachotsa paipi ya mkodzo ija, ndipo adokotala awalembera mapiritsi othandiza chikhodzodzo kuti azitaya madzi okha. Akuti azimwa asanadye kanthu, kenako azidikira ola lathunthu.

Nditawafotokozera, anangoyang'ana kapu yawo ya tiyi. Amvekere, "Amayi ako akanakhala moyo akanakangana naye dokotalayo. Zaka zonse zija sindinadikirepo tiyi." Iwo anaseka, ine ndinathawira kukhitchini.

Tsopano bambo akuti poti paipi yachoka, Loweruka akaone manda a amayi ku Thyolo. Ulendo wa minibasi ukundiopsa, mankhwala angoyamba kumene. Achimwene, inu mukuti bwanji? Ine kuwakaniza sindingathe. Jekete asita kale okha.